Manja kuuma mwana akapanda kulira: zokambirana za azamba pa kuyeserera pachidole

Nangozo, mphunzitsi wa azamba: Mwaswera bwanji nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumalandira ophunzira athu a ESMI (unamwino wa amayi ndi ana) akabwera ku estágio, kudzaphunzira ntchito m'zipatala zanu. Mwezi wamawa gulu lina likupita ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, maboma a m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Onsewa mayeso a pachidole cha khanda, othandiza mwana wobadwa osapuma, anakhoza. Kupukuta mwana, kuika mutu bwino, kugwira ambu (kathumba kofinya kopopera mwana mpweya kudzera pa masiki), zonse akudziwa. Koma mumatiuza kawirikawiri kuti mwana weniweni akatuluka wolobodoka, wosalira, wophunzira yemweyo manja amauma. Chikusowa n'chiyani? Tionjezere masiku oyeserera, kapena vuto lili pa mmene timalankhulira nawo akamaliza kuyeserera? Ophunzira amene muli muno yankhaninso, pagulu pano palibe akulemba nota.

Nambewe wa ku Dómuè: Taswera aphunzitsi. Ine ndinena mosapsatira, anawa mukuwasasatitsa. Nthawi yathu ukagwira masiki molakwika unkadzudzulidwa pomwepo anzako akuona, ndipo sunkabwerezanso. Lero ndikumva kuti akamaliza mumawakhazika pansi n'kumawafunsa kuti mumtima mwamva bwanji. M'chipinda chochilira mulibe wofunsa zimenezo. Mphindi ndi imodzi basi, mwana apume yekha kapena mpweya umupatse ndiwe.

Lúcia wa ku Tsangano: Amayi Nambewe, pa mphindi imodziyo mwanena zoona. Koma ine ndimaona kusiyana kwina. Kusukulu chidole chimagona patebulo loyera, magetsi akuyaka, ambu yalumikizidwa kale, nsalu zapindidwa bwinobwino. Kuno usiku umakhala wekha ndi servente, wothandizira wa m'chipatala uja, tochi ya foni waluma pakamwa, uku mayi akutaya magazi uku mwana sakulira. Wophunzira zimenezo sanaziyeserereko. Anayeserera kupopa mpweya, koma sanayeserere kusankha kuti ayambe chiti, ndiponso kuti servente amutume chiyani.

Esperança, wophunzira: Zikomo aphunzitsi potipatsa mpata. Amayi Nambewe, ndilankhule mwaulemu. Kudzudzulidwa sitikukana ayi. Chimene chimachitika n'chakuti ukakalipiridwa anzako akuyang'ana, ulendo wotsatira maso ako sakhalanso pachifuwa cha chidole, amakhala pankhope ya wophunzitsa. Ukupopa uku ukuona ngati akwinya nkhope. Mnzathu wina anangouzidwa kuti "wapha mwana, wotsatira bwera", osamuuza chimene chinalakwika. Ife amene tinali kumbali tinaona kuti mpweya unkathawira cha kutsaya chifukwa masiki sinagwire, koma mwiniwake mpaka lero akuganiza kuti vuto linali kupopa pang'onopang'ono. Panopa chidole amachizemba.

Nambewe wa ku Dómuè: Mwanangu, zimenezo inenso sindigwirizana nazo. Ine ndikakalipa ndimagwiranso dzanja lako n'kuliika pamene liyenera kukhala.

Nangozo, mphunzitsi wa azamba: Esperança wakhudza pamene ndimafuna. Ndifotokoze mmene kukambirana kwa pambuyo pa kuyeserera kumayendera, kumene m'mabuku amati debriefing, chifukwa ambiri amaganiza kuti n'kunyengerera ophunzira. Tisanagwire n'komwe chidole timapangana kuti zochitika muno zithera muno, komanso kuti aliyense wabwera ndi mtima wofuna kupulumutsa mwana. Akamaliza timawalola kaye atulutse zakukhosi kwa kanthawi, chifukwa munthu amene mtima ukumuthamanga malangizo sawamva. Kenako timakumbutsana kuti mwana anali wotani ndipo chinachitika n'chiyani, kuti tonse tikhale pa nkhani imodzi. Ntchito yeniyeni imayambira pamenepo, ndipo ine chimene ndaona sindibisa. Ndimati, "Ndaona kuti watha masekondi 40 ukuyamwa mamina ndi pinguim (kachida koyamwira mamina) mwana asanalandire mpweya ngakhale kamodzi. Zandidetsa nkhawa chifukwa mphindi ija inatha. Umaganiza chiyani nthawi imeneyo?" Njira yonena chimene waona ndi nkhawa yako, kenako n'kufunsa maganizo a mwiniwake, anaifalitsa ndi Jenny Rudolph ndi anzake a ku Boston mu 2006. Mayankho amene amabwera ndiwo amandisonyeza poyambira. Wina amati anaona kuchipatala kuti mwana aliyense amayamwidwa kaye mamina. Wina amati amaopa kuti akapopa akankhira zoipa m'mapapo. Wina amati anadziwa kuti nthawi yopopa yakwana koma amadikira kuti wamkulu alamule. Cholakwa n'chimodzi, zifukwa zitatu, ndipo aliyense afunika thandizo lakelake. Ndikangokalipa, onse atatu asiya ine ndikuona, n'kukayambiranso ine kulibe, chifukwa ganizo limene linawachititsa lija silinakhudzidwe.

Phiri, técnico (wa zachipatala) wa ku Furancungo: Ndilowepo pang'ono amayi anga. Pa funso loonjezera masiku oyeserera lija pali zimene zinaoneka ku Tanzania. Maphunziro othandiza makanda kupuma a Helping Babies Breathe (HBB), amene kuno timawadziwa kuti Ajudando os Bebés a Respirar, anayamba mu 2010. Ataphunzitsidwa m'zipatala 8 za ku Tanzania, lipoti la mu 2013 linaonetsa kuti imfa za makanda m'maola 24 oyamba zinatsika ndi 47 pa 100. Koma pachipatala cha Haydom, ku Tanzania komweko, anapeza zofanana ndi dandaulo lanu aphunzitsi. Patapita miyezi 7 chiphunzirire tsiku limodzi, azamba ankakhoza bwino pachidole koma m'chipinda chochilira kagwiridwe sikanasinthe. Atayamba kuyeserera mphindi zochepa pafupipafupi pamalo a ntchito pomwepo, imfa zija zinatsika kuchoka pa ana 11 kufika pa 7 mwa ana 1000. Chinanso chochititsa chidwi n'chakuti ana osisitidwa msana anachuluka pomwe ofuna ambu anachepa. Ndiye kwa ine yankho si seminale ina ya masiku atatu mumzinda wa Tete. Chidole chikhale pakona ya maternidade, chogwiridwa sabata iliyonse.

Lúcia wa ku Tsangano: Achimwene a Phiri mwanditsegula pakamwa. Pachipatala china chimene ndinagwirako kale, chidole choyeserera chotchedwa NeoNatalie chinalipo koma chinatsekeredwa m'kabati, makiyi ali ndi munthu mmodzi, ati chingaonongeke. Chinkatuluka pokhapokha kukabwera alendo oyendera.

Naphiri wa ku Zóbuè: Zimenezo n'zambiri mana. Chidole chija sichifuna magetsi kapena mabatire. Umathira madzi ofunda pafupifupi malita awiri, chimalemera ngati khanda, ndipo wophunzitsa amafinya timapampu kuti mchombo ugunde, chifuwa chipume kapena chidolecho chilire. A Laerdal a ku Norway anachipangira malo ngati athu ano. Chikang'ambika chifukwa chogwiritsidwa ntchito ndiye kuti chagwira ntchito yake.

Graça wa ku berçário (chipinda cha makanda odwala), Tete: Mwaswera bwanji. Ine ndimalandira ana amene mumatumiza, ndiye ndinene zimene ndimaona pa anawo. Choyamba ndi kuzizidwa. Mwana amafika atapulumutsidwa bwino pa kapumidwe koma thupi lili zii, kutentha kuli pansi kwambiri pa madigiri 36.5 oyenera. Ku Angónia mwezi wa June ndi July kuzizira mukukudziwa nokha. Pachidole ophunzira amangodutsitsa nsalu kamodzi poonetsa kuti apukuta, nsalu yonyowa ija n'kuisiya pomwepo, chipewa kuiwala, chifukwa chidole sichizizidwa. Chachiwiri ndi kuyamwa mamina kopitirira. Kulowetsa chubu kapena pinguim mwakuya komanso nthawi yaitali kumatha kuchepetsa kugunda kwa mtima ndi kuchedwetsa kupuma. Malangizo a WHO a mu 2012 anati mwana asayamwidwe mamina mwachizolowezi, ndipo buku lachiwiri la HBB la mu 2016 linati uyamwe pokhapokha zoipa zatseka njira. Koma manja a ambiri adakali pa zakale, ndipo ophunzira amatengera zimene akuona, osati zimene anawerenga. Chachitatu, anthu amathamangira kukasaka botolo la okosijeni mwana ali pompo osapuma. Mwana wokwana masiku amayambidwa ndi mpweya wamba womwewu. Mwa ana 100, pafupifupi 10 amafuna thandizo kuti ayambe kupuma, ambiri mwa iwo kupukuta ndi kusisita kumakwana, ochepa amafuna ambu, ndipo wofuna kutsindikidwa pachifuwa kapena mankhwala safika ndi mmodzi yemwe. Ndiye luso limene likupulumutsa ndi la masiki kugwira bwino ndi chifuwa kukwera.

Nambewe wa ku Dómuè: Graça wanena nkhani yanga. Masiki iphimbe chibwano, pakamwa ndi mphuno, isafike m'maso. Ya nambala 1 ndi ya mwana wokwana masiku, ya 0 ndi ya wamng'ono. Khosi litambasuke pang'ono, osapinda komanso osagadamitsa kwambiri. Chala chimodzi chikweze chibwano kubwera ku masiki. Ukuwerenga mokweza um, dois, três, kufinya pa um, kuti ukwanitse ka 40 pamphindi. Chifuwa chikapanda kukwera usapitirize kupopa mphepo. Ikanso masiki, konza mutu, ona ngati m'kamwa muli zoipa, tsegula pakamwa pang'ono, finya mwamphamvu. Izi zili ngati kupeta, sumaphunzira pomva, manja ndiwo amaloweza. N'chifukwa chake ndimati aphunzitsi, wophunzira akagwira molakwika muimitseni pomwepo. Mukamusiya apope molakwika mphindi zisanu kuti mudzakambirane pambuyo, manja aloweza zolakwikazo.

Nangozo, mphunzitsi wa azamba: Apa amayi sindikutsutsani. Pali masiku awiri osiyana. Tsiku lophunzitsa dzanja, ndimaimitsa pomwepo, kukonza, n'kuti abwereze mpaka chifuwa chizikwera nthawi zonse. Tsiku loyeserera nkhani yonse kuyambira mutu ukutuluka mpaka mwana alire, sindilowerera, chifukwa ndikufuna ndione ngati azindikira yekha kuti chifuwa sichikukwera. Usiku ku Ntengo-wa-Mbalame sindidzakhalako kuti ndimuimitse. Vuto lathu n'lakuti masiku awiriwa timawasakaniza, osamuuza wophunzira kuti lero ndi liti.

Nambewe wa ku Dómuè: Mukamawauziratu choncho ndiye chabwino. Koma mawu anga ndi aakulu, sindiwachepetsa.

Celina, wophunzira: Pepani ndifunse funso limene limandivuta. Tikakhala ku estágio, amene akupopa nthawi zambiri ndi mayi wamkulu, ine ndaima kumbali. Ndikaona kuti chifuwa sichikukwera ndinene bwanji? Kwathu anandilera kuti wamkulu samuuza kuti walakwa, makamaka pamaso pa anthu. Ndimaopanso kuti ndi omwewo adzasaina pepala langa la estágio.

Naphiri wa ku Zóbuè: Funso limeneli ndi lalikulu kuposa la ambu. Ife kuno tinagwirizana chonchi. Wothandizira sanena kuti "mwalakwa". Amanena chimene akuona, mokweza, ndipo ndi ntchito imene wapatsidwa mwana asanabadwe. Wa wotchi amati "masekondi 30", kenako "mphindi yakwana". Woyang'ana chifuwa amati "chikukwera" kapena "sichikukwera". Wogwira mchombo amagogoda chala patebulo motsatira kugunda kwa mtima kuti tonse timve ngati ukupitirira 100 kapena ukuchedwa. Mawuwa timawayeserera pachidole mpaka azolowereke pakamwa. Ndipo poyeserera ine wamkulu nthawi zina ndimagwira masiki molakwika dala, kuti ndione ngati mwanayo alankhula. Akalankhula ndimamuthokoza anzake akumva.

Nambewe wa ku Dómuè: Celina, tamvera. Wopopa maso ake amakhala pa masiki ndi padzanja, chifuwa amachionera pamwamba. Iwe amene waima kumbali umaona bwino kuposa ine. Ukaona n'kukhala chete, umenewo si ulemu. Ukadzabwera kwa ine unene mokweza. Pepala lako ndisaina.

Celina, wophunzira: Zikomo kwambiri amayi. Zikanakhala kuti aliyense amatiuza choncho tsiku loyamba.

Phiri, técnico wa ku Furancungo: Aphunzitsi, mawu a Celina awa muwaike m'kalata imene ophunzira amabwera nayo. Wolandira aliyense auze wophunzira tsiku loyamba kuti pa nkhani ya mwana wosapuma ali ndi ufulu wolankhula.

Lúcia wa ku Tsangano: Ndionjezere china chimene sindinachionepo chikuyesereredwa. Kusukulu zonse timaphunzira m'Chipwitikizi, koma mayi amene wagona pabedi ndi apongozi ake amene ali pakhomo amalankhula Chichewa. Ukadula mchombo n'kunyamula mwana kupita naye patebulo osanena kanthu, mayi amadzuka kufuna kuona, apongozi amalowa akulira, ena amayamba kukuuza kuti mumuthire madzi ozizira kapena mumugwire miyendo mutu pansi monga ankachitira kale kumudzi. Iwe uli pakati pa kupopa. Ziganizo ziwiri zokha zikanathandiza: "Amayi, mwana sanayambe kupuma bwino, ndikumuthandiza ndi mpweya. Gonani, ndikuuzani zonse." Koma ngati sunazitchulepo pakamwa, nthawi imeneyo sizibwera. Poyeserera wophunzira mmodzi azikhala mayi, wina apongozi, ndipo azilankhula chilankhulo cha kwathu kuno.

Graça wa ku berçário, Tete: Lúcia wanena zoona. Amayi ena amafika kuno ndi ambulansi osadziwa chimene chinachitikira mwana wawo. Amaganiza kuti anagwetsedwa.

Esperança, wophunzira: Aphunzitsi, nanga chidole chiyenera kufa? Ena amati wophunzira akachedwa, wophunzitsa asiye kufinya kapampu ka mtima kuti amve kuwawa kwake.

Nangozo, mphunzitsi wa azamba: Pa funso limeneli ngakhale akatswiri amasiyana maganizo, ndiye ndinena anga. Kwa wongoyamba kumene, ayi. Sindipha chidole ngati chilango. Mtima ndimauchedwetsa kuti aone kuti zinthu zikuipa, ndipo akakonza masiki ndimaufulumizitsa kuti aone ndi maso ake kuti mpweya ukalowa mtima umadzuka. Phunziro limenelo ndi limene ndikufuna apite nalo. Nkhani yonse ikatha n'kukambirana, amabwerezanso nkhani yomweyo kuti atuluke atachita bwino. Koma kwa amene atsala pang'ono kumaliza, pali tsiku limene timawauziratu kuti lero tiyeserera mwana amene sadzuka ngakhale mutachita zonse molondola. Malangizo a WHO a mu 2012 aja anati ngati wapereka mpweya bwino kwa mphindi 10 mtima osamveka n'komwe, usiye. Munthu ayenera kuphunzira kuyang'ana wotchi, kusiya, kumufunditsa mwanayo mwaulemu, n'kupita kukakhala pafupi ndi mayi n'kumuuza. Tsiku limenelo kukambirana kumatenga nthawi yaitali kuposa kuyesererako, ndipo ena amalira. Bola alire koyamba tili nawo pafupi.

Nambewe wa ku Dómuè: Apo ndikugwirizana nanu kwathunthu. Ife zimenezo palibe anatiphunzitsa. Ndipo ndionjezere, muwaphunzitse kuti asafulumire kunena kuti ndi mtayo. Mwana wotuluka wolobodoka, wotuwa, wosalira, ambiri amakhala mtima ukugunda. Pokhapokha khungu likusupuka kuonetsa kuti anafera m'mimba kalekale, wina aliyense mupukute, musisite, mupatse mpweya. Mtima udzaumva ukupopa kale.

Phiri, técnico wa ku Furancungo: N'chifukwa chake ku Tanzania kuja nawo ana olembedwa kuti abadwa akufa kumene anachepa maphunziro aja atachitika. Ena mwa iwo anali amoyo, ankangofuna mpweya. Ndipo Apgar, nambala yosonyeza mmene mwana alili atangobadwa, isatichedwetse. Ya mphindi yoyamba imalembedwa iwe utayamba kale kuthandiza, si imene imakuuza kuti uyambe.

Naphiri wa ku Zóbuè: Pali njira ina imene yatithandiza. Timajambula ndi foni poyeserera, manja ndi chidole basi, nkhope ayi. Munthu amalumbira kuti anayamba kupopa mphindi isanathe, tikaonera limodzi amadzionera yekha kuti panadutsa mphindi ziwiri. Palibe mkangano. Tikatha kuonera timafufuta onse akuona, ndipo siitumizidwa pa WhatsApp.

Graça wa ku berçário, Tete: Ku Hospital Central da Beira anachitapo kafukufuku wotere pamodzi ndi madokotala a bungwe la ku Italy la CUAMM, kujambula pa vidiyo mmene ana enieni akuthandizidwira. Nawonso anaona kuti maphunziro a kamodzi amasintha zina koma sakwanira, n'kuyamba kuyeserera pang'onopang'ono pafupipafupi. Kungoti ife tisayerekeze kujambula mwana weniweni kapena mayi ndi mafoni athu. Kafukufuku amakhala ndi chilolezo chake.

Esperança, wophunzira: Vidiyo ine ndingaivomere ngati ifufutidwadi. Mantha athu amakhala akuti ifika kwa anthu ena.

Lúcia wa ku Tsangano: Aphunzitsi, kukambirana kumeneku kumathera pachidole? Ndikufunsa chifukwa mwana weniweni tikamutaya, kapena tikamupulumutsa movutikira, aliyense amangosamba m'manja n'kubwerera ku ntchito. Nkhani imadzatuluka pa msonkhano wounika imfa patapita masabata, ndipo pamenepo aliyense amabwera wokonzeka kudziteteza. Wophunzira amene anaona zonse palibe amamufunsa ngati wagona tulo.

Nangozo, mphunzitsi wa azamba: Sikuthera pachidole, Lúcia, ndipo pamenepa ndi pamene ndikupempha thandizo lanu nonse. Mayi ndi mwana akakhazikika, imani mphindi zisanu amene munalipo, servente yemwe. Mafunso ndi ochepa. Chayenda bwino n'chiyani? Chatichedwetsa n'chiyani? Tikonze chiyani turno (nthawi yathu ya ntchito) isanathe? Yambani ndi wamng'ono pa nonse, chifukwa wamkulu akayamba, otsatira amangovomera. Kawirikawiri chimene chimatuluka si vuto la munthu. Ambu inali chipinda china. Masiki yaing'ono inasowa. Tebulo linali lodzaza mabuku. Zimenezo zimakonzedwa tsiku lomwelo popanda ndalama. Ndipo ngati wophunzira analipo, mawa lake mutengeni pachidole mubwereze nkhani yomweyo, iye ndiye agwire ambu.

Phiri, técnico wa ku Furancungo: Pa ambupo ndipemphe chinthu. Kuyeserera kuziyamba ndi kuimasula, kuitsuka ndi kuilumikizanso. Ndinapezapo ambu yotsukidwa bwino, yowiritsidwa, koma kavalavu kake kabwezeredwa chozondoka. Ukafinya umamva ngati ikugwira koma mpweya sukupita kwa mwana. Kuiyesa n'kosavuta, tsekani masiki ndi chikhatho, finyani, mumve mpweya ukukankha dzanja ndipo kavalavu kotulutsira mpweya wopitirira katseguke. Zichitike mayi aliyense asanachire, osati mwana atatuluka.

Nambewe wa ku Dómuè: Amenewo ndiye mawu. Ine wophunzira akafika sindimulola kugwira mayi asanandionetse pakona ya mwana. Nsalu ziwiri zouma, chipewa, zomangira mchombo, lumo, ambu yoyesedwa, masiki zonse ziwiri, pinguim, mazenera otseka. Ndiponso andiuze kuti akafuna thandizo aitana ndani, ndipo ambulansi yopita ku Hospital Rural de Ulónguè aiimbira pa nambala iti.

Celina, wophunzira: Nanga mwana akayamba kupuma koma movutikira, akubuula, chifuwa chikulowa mkati? Pachidole nkhani imathera polira.

Graça wa ku berçário, Tete: Funso labwino Celina. Ameneyo ndi wotumiza, ndipo ulendowo nawonso uyesereredwe. Mwana akhale pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, chipewa kumutu, womangidwa ndi kapulana, namwino ali pambali ndi ambu m'manja chifukwa akhoza kusiyanso kupuma panjira. Papepala mulembe nthawi imene anabadwa, nthawi imene munayamba kupopa, mphindi zingati, ndi nthawi imene anayamba kupuma yekha. Manambala amenewo kuno amatiuza zoti tiyembekezere, monga kukomoka m'masiku oyamba. Ambiri amangolemba kuti asfixia, kubanika pobadwa, basi.

Esperança, wophunzira: Mnzathu uja ndamuwerengera zimene mwalemba. Akuti afuna ayesenso, koma poyamba pasakhale gulu.

Nangozo, mphunzitsi wa azamba: Muuze andipeze Lachinayi masana, tikhala awiri. Kwa inu olandira ophunzira, ndikupempha izi pa gulu likubwerali. Chidole chituluke m'kabati. Kawiri pa sabata, posinthana turno, mphindi 10 zoyeserera ndi mphindi 10 zokambirana, m'chipinda chochilira momwemo ndi zida zanu zomwezo. Nkhani ndilemba zinayi: mwana wodzuka ndi kusisita, masiki yothawitsa mpweya, namwino ali yekha mayi akutaya magazi monga wanenera Lúcia, ndi ya kutumiza imene wapempha Celina. Mawu olankhula kwa mayi ndiwalemba m'Chichewa, amayi Nambewe mudzandikonzere. Ndani alibe chidole?

Lúcia wa ku Tsangano: Ine ndili nacho koma kapampu ka mtima kanabooka.

Naphiri wa ku Zóbuè: Kuno tili ndi ziwiri, chimodzi ndingabwereketse kwa mwezi. Ndichikhuthula madzi, ndichipinda m'chikwama chake, ndipatsira wa chapa Lolemba akachisiye pa Mussacama. Kungoti wina akachilandire.

Lúcia wa ku Tsangano: Lolemba ndikupuma, ndikachilandira ndekha mana. Zikomo.

Phiri, técnico wa ku Furancungo: Kuno chilipo ndipo makiyi ndili nawo ine. Aphunzitsi mutumize nkhanizo Lachisanu lisanafike kuti tiyambe tokha ophunzira asanabwere. Sindikufuna adzatipeze ifenso tikuyamwa mamina masekondi 40.

Nambewe wa ku Dómuè: Kuno tilibe. A Naphiri, Lúcia akamaliza chibwere ku Dómuè. Ndipo aphunzitsi, pa nkhani yachitatuyo muikemo kuti magetsi azima, ayeserere ndi tochi. Mafunso anu aja munditumizire pa foni, ndiwayesa pa gulu limeneli ndione.